Bawo, foni ndi maulendo okaona mbiri: zimene munthu wopuma ntchito angadzazire masiku ake

LICHINGA – Munthu amene wagwira ntchito zaka 30 kapena 35 pasukulu, kuchipatala kapena mu ofesi ya boma amasangalala tsiku limene kalata ya reforma yafika. Achibale amaphika, anzake amabwera kudzamugwira chanza. Zovuta zimayamba pakapita miyezi iwiri kapena itatu. Amadzukabe 5 koloko m'mawa monga anazolowera, koma palibe kumene akumudikira. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, pamene kuzizira kwa ku Lichinga kumalowa mpaka m'mafupa, amatulutsa mpando n'kukhala padzuwa, ndipo tsiku limatha asanayankhule ndi munthu wina kupatula a pakhomo pake.

Mlimi wa ku Mandimba, Ngauma, Chimbunila kapena Mecanhelas salandira kalata yotere, koma tsiku lakelo limafikanso. Msana ukakana, mawondo akayamba kuphwanya, ana ndi adzukulu ndiwo amatenga khasu. Munthu amene kwa zaka 50 ankadziwa tsiku lobzala chimanga, lokolola nyemba ndi lopita ndi fodya kumsika, amatsala pakhomo kulondera nkhuku.

Kwa amene ankasonkha ku INSS, penshoni ya ukalamba imayamba mayi akakwanitsa zaka 55 ndipo bambo akakwanitsa zaka 60, ngati anasonkha kwa nthawi yokwanira. Okalamba osauka amene sanagwirepo ntchito yolembedwa ena amalandira kangachepe kudzera ku INAS, pa ndondomeko ya PSSB. Ndalama zimenezi zimathandiza pa mchere, sopo ndi mankhwala. Funso limene limatsala ndi lakuti munthuyo azichita chiyani kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, chifukwa thanzi lake limadaliranso pamenepo.

Chifukwa chake nkhaniyi ndi ya zaumoyo

Bungwe loona za umoyo padziko lonse, OMS, limanena kuti anthu opitirira 55 miliyoni ali ndi matenda oiwalaiwala amene madokotala amawatcha demência, ndipo ambiri mwa iwo amakhala m'mayiko osauka ndi ongotukuka kumene. Munthu wodwala matendawa amaiwala mayina a ana ake, amasochera panjira imene wayendapo moyo wake wonse, nthawi zina amatuluka usiku osadziwa kumene akupita.

M'chaka cha 2024, gulu la akatswiri losonkhanitsidwa ndi magazini ya zachipatala ya The Lancet linatchula zinthu 14 zimene zimawonjezera chiopsezo cha matendawa koma munthu angathe kuzipewa kapena kuzichepetsa. Zina mwa izo ndi kuthamanga kwa magazi, shuga, kusuta fodya, kumwa mowa mopitirira muyeso, kusamva ndi kusaona bwino kosalandira chithandizo, kukhala osagwiritsa ntchito thupi, ndiponso kukhala wekhawekha. Akatswiriwo anawerengera kuti zinthu zonsezi zitathetsedwa, pafupifupi 45 mwa odwala 100 alionse akanatha kupewa matendawa kapena kuchedwa kuwadwala.

M'midzi yambiri ya ku Mozambique ndi ku Malawi, gogo amene wayamba kuiwala ndi kuyenda usiku amatchulidwa mfiti. Ena amathamangitsidwa pamudzi, ena amamenyedwa, ndipo ena aphedwa kumene. Dziko la Mozambique lili ndi lamulo loteteza ufulu wa okalamba, Lei 3/2014, koma chitetezo choyamba chimachokera kwa anthu oyandikana nawo. Gogo amene amaoneka tsiku ndi tsiku pabwalo la bawo, kutchalitchi kapena kumzikiti amakhala ndi anthu omudziwa, amene amazindikira msanga kuti kusintha kwake ndi matenda ndipo amauza abale kuti apite naye kuchipatala.

Palibe masewera amene amachiza matenda oiwalaiwala, ndipo amene akugulitsa mankhwala kapena pulogalamu ya pafoni ponena kuti imachiza akunama. Chimene masewera ndi zochita zina zimapereka ndi chifukwa chodzukira, chotulukira panja, chokumana ndi anthu ndi chogwiritsira ntchito mutu.

Bawo: masamu a pansi pa mtengo

Masewera oyamba safuna ndalama. Bawo, amene amadziwika kwambiri pakati pa Ayao ndi Anyanja a m'mbali mwa nyanja, amaseweredwa pa thabwa la mizere 4 ya maenje 8, onse pamodzi maenje 32, ndi nkhomo 64. Kumene kulibe thabwa, anthu amakumba timaenje pansi n'kutola timiyala. Kummwera kwa dziko lino kuli mtundu wina wotchedwa ntxuva, umene mizere yake imatha kutalika kwambiri kotero kuti anthu angapo amasewera mbali imodzi. Ku Zambia ndi m'madera ena a Achewa kuli nsolo. Onsewa ndi a banja limodzi la masewera ofesa ndi kudya nkhomo, lofala mu Africa ndi m'mayiko ena a ku Asia.

Woonerera amangoona manja akuthamanga, koma wosewera amakhala akuwerenga. Asanatole nkhomo m'dzenje, amayenera kudziwa kumene yomaliza ikagwere, ngati ikadye kapena ayi, ndiponso kuti mnzake adzabwezera bwanji. Kusuntha kumodzi kungazungulire thabwa kangapo, ndipo dzenje lililonse limasintha chiwerengero pamene dzanja ladutsa. Katswiri wina wa ku Netherlands, Alex de Voogt, anafufuza akatswiri a bao a ku Zanzibar ndipo mu 1995 anatulutsa buku lofotokoza mmene iwo amawerengera zonsezi m'mutu. Zimene agogo a ku Metangula ndi ku Meponda amachita pansi pa mtengo wa mango ndi ntchito yomweyo ya ubongo.

Phindu lina la bawo ndi lakuti munthu sangasewere yekha. Pamafunika mnzake, pamabwera oonerera, pamakhala kusekana ndi kutsutsana. Vuto n'lakuti m'malo ambiri bwalo la bawo ndi la amuna okhaokha, ndipo nthawi zina limakhala pafupi ndi pogulitsira kachasu. Palibe chimene chimaletsa amayi achikulire kukhala ndi thabwa lawo pakhomo kapena pamalo amene gulu lawo la xitique limakumana. Bawo akasanduka juga kapena chifukwa choledzerera, phindu lake limathera pomwepo.

Zilapi, mawu opingasa ndi sudoku

Kale madzulo a nyengo yokolola anali a nthano ndi zilapi, zimene ena amati ndagi. Wamkulu amaponya chilapi, ana n'kumavutika kuchimasula. Pochita zimenezi gogo amakumbukira mawu akale, ndipo mdzukulu amaphunzira Chinyanja kapena Chiyao chimene sangachipeze pa televizioni.

Amene amadziwa kuwerenga ali ndi zina zowonjezera. Palavras cruzadas, masewera olemba mawu opingasana m'timabokosi, anayamba kusindikizidwa mu nyuzipepala ya ku New York pa 21 Disembala 1913, ndipo anawakonza ndi Arthur Wynne. Sopa de letras ndi osavuta kuposa pamenepo: munthu amafunafuna mawu obisika pakati pa zilembo zambiri. Mphunzitsi wopuma ntchito angathe kukonza akeake m'Chinyanja, ndi mayina a mbewu, a nsomba za m'nyanja kapena a midzi, n'kupatsa ana a sukulu ya pafupi.

Sudoku ndi wa manambala okhaokha, choncho safuna Chipwitikizi kapena Chingelezi. Pepala limagawidwa mizere 9 yopingasa ndi 9 yotsika, kupanga timabokosi 81, ndipo timabokosito timaikidwanso m'magulu 9 a timabokosi 9. Manambala ena amakhala olembedwa kale. Ntchito ndi kudzaza otsalawo ndi manambala a 1 mpaka 9, popanda kubwereza nambala mu mzere umodzi kapena m'gulu limodzi. Palibe kuphatikiza kapena kuchotsa. Munthu amangoona kuti nambala iyi singakhale apa chifukwa ilipo kale apo. Masewerawa anatchuka ku Japan m'zaka za m'ma 1980 ndipo anafalikira padziko lonse cha m'ma 2005. Mdzukulu amene ali ndi foni angakopere masewera angapo m'kope, gogo n'kumadzaza ndi pensulo sabata yonse.

Kompyuta ndi foni pakhomo

Ambiri amene akupuma ntchito masiku ano anagwirako kompyuta kuofesi, koma ankangochita zimene ntchito inkafuna. Akakhala ndi nthawi, makina omwewo amatha kugwira ntchito za pakhomo. Munthu amene wabwerera kumunda angalembe mu pulogalamu ya matebulo monga Excel ndalama zimene walowetsa pa mbewu, feteleza ndi aganyu, matumba amene wakolola, ndi mtengo umene wagulitsira nyemba kapena mbatata ya kachewere. Pakatha nyengo ziwiri kapena zitatu, manambala aja amamuuza mbewu imene ikumubwezera ndalama ndi imene ikungomudyera mphamvu. Gulu la alimi limene lili ndi munthu wotere silivutika polemba mayina a mamembala, makalata opita ku boma ndi maakaunti a ngongole.

Kumudzi kumene kulibe magetsi a EDM, foni yotchajidwa ndi sola imakwanira pa zambiri. Kubwera kwa Movitel mu 2012 kunafikitsa netiweki m'midzi yambiri ya Niassa imene kale inalibe. Pa WhatsApp munthu wosatha kulemba amatumiza mawu ojambula kwa mwana wake wa ku Nampula, Maputo kapena Johannesburg, n'kuona chithunzi cha mdzukulu amene sanamuonepo. Kuphunzira chinthu chatsopano ukalamba utafika kumatenga nthawi, ndipo wophunzitsa ayenera kuleza mtima: chinthu chimodzi pa tsiku, gogo akudina yekha, njira zake zitalembedwa papepala ndi zilembo zikuluzikulu.

Foni yomweyo ndi khomo limene akuba amalowera. Uthenga wonena kuti ndalama ija itumizidwe pa nambala ina, foni yonena kuti munthu wapambana mphoto, kapena munthu wodzitcha wogwira ntchito ku kampani amene akufunsa PIN, zonsezi ndi misampha, ndipo imalunjika kwambiri kwa olandira penshoni. PIN ya M-Pesa, e-Mola, mKesh kapena ya kubanki siuzidwa munthu aliyense. Uthenga ukanena kuti mwana ali pangozi ndipo akufuna ndalama msanga, choyamba ndi kumuimbira mwanayo pa nambala yake yodziwika. Ofesi ya penshoni ikafuna chitsimikizo chakuti munthu ali moyo, chimene chimatchedwa prova de vida, ndi bwino kufunsa ku ofesiko osati kukhulupirira uthenga wa munthu wosadziwika.

Kukaona malo osunga mbiri

Anthu ambiri amaganiza kuti nyumba zosungiramo zinthu zakale, museu, ndi za alendo ochokera kunja. Koma mbiri imene imasungidwa m'malo amenewa ndi ya anthu a kuno, ndipo okalamba ambiri anaiona ndi maso.

Mzinda wa Lichinga weniweniwo ndi poyambira. Atsamunda anaukhazikitsa mu 1931 ndi dzina la Vila Cabral, ndipo dzina la lero linabwera dziko litalandira ufulu mu 1975. Wokalamba amene anakulira kuno angayende ndi adzukulu m'misewu ya pakati pa mzinda n'kuwaonetsa pamene panali sitolo yakutiyakuti, pamene anthu akuda sankaloledwa kulowa, ndi siteshoni ya sitima. Njanji ya Cuamba–Lichinga, yotalika makilomita 262, inakonzedwanso n'kutsegulidwa mu 2016.

Kumpoto kwa boma la Sanga, pafupi ndi mtsinje wa Rovuma, kuli Matchedje, kumene FRELIMO inachitira msonkhano wake waukulu wachiwiri mu Julayi 1968, nkhondo yomenyera ufulu ili mkati, motsogozedwa ndi Eduardo Mondlane. Lero malowa ndi a chikumbutso. Ulendo wake ndi wautali ndipo umayenda bwino nyengo ya chilimwe. Chakunyanja, makilomita opitirira 100 kuchokera ku Lichinga, kuli Metangula, kumene asilikali a pamadzi a Apwitikizi anali ndi malo awo, ndipo pafupi pake pali mishoni ya Anglican ya Messumba, imene sukulu yake inaphunzitsa Anyanja ambiri nthawi ya atsamunda. Moyang'anana ndi Cóbuè, pa chilumba cha Likoma cha dziko la Malawi, pali tchalitchi chachikulu cha St Peter's chimene ntchito yochimanga inayamba mu 1903. Ku Muembe ndi kumene kunali likulu la mafumu a Mataka, ndipo David Livingstone anafikako mu 1866.

Kwa anthu a ku Mandimba, museu yapafupi ili tsidya la malire. Munthu akadutsa pa Chiponde n'kutsikira ku Mangochi amapeza Lake Malawi Museum, yofotokoza za nyanja, anthu ake ndi sitima zake. Pafupi ndi mlatho wa pa Shire pali mfuti yaikulu ya sitima ya Guendolen, imene mu Ogasiti 1914 inaombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann panyanja yomweyi, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangoyamba. Kupitirira apo, ku Mua m'boma la Dedza, kuli Kungoni Centre imene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, kumene kuli zigoba zambiri za gule wamkulu ndi zofotokoza miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao. Gule wamkulu anazindikiridwa ndi UNESCO mu 2005 monga chuma cha mayiko atatu, Malawi, Mozambique ndi Zambia. Amene akupita ku Nampula kukaona abale kapena kuchipatala angapatule maola awiri n'kulowa mu Museu Nacional de Etnologia.

Ulendo wa munthu mmodzi ndi wodula, koma gulu la anthu 10 kapena 15 a mpingo umodzi kapena gulu limodzi la alimi lingasonkhe pang'onopang'ono pambuyo pogulitsa zokolola n'kulipira chapa. Owoloka malire afunse kaye ku ofesi ya Migração za mapepala ofunika, ndipo amene amamwa mankhwala a BP kapena a shuga anyamule okwanira masiku onse. Tsiku la museu padziko lonse ndi 18 Meyi, ndipo la okalamba ndi 1 Okutobala. Masiku onsewa amagwa nyengo imene misewu yauma.

Mbiri imene ili m'mutu mwa gogo

Pali mbiri ina imene sinalowe mu museu iliyonse. Nkhondo ya zaka 16 isanathe ndi pangano la mtendere la ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anthu a ku Mozambique pafupifupi 1 miliyoni anathawira ku Malawi. Ambiri a m'maboma a m'malire akukumbukira njira imene anadutsa usiku, mudzi umene unawalandira, ndi mmene anapezera minda yawo pobwerera. Akudziwanso malire akale a minda, mayina a mbewu zamakolo, ndi zaka za njala.

Yohana Abdallah, wansembe wa Anglican amene anatumikira ku Unango, analemba zimene akuluakulu a Chiyao ankafotokoza, ndipo buku lake, Chiikala cha Wayao, linasindikizidwa mu 1919. Patha zaka zoposa 100, ofufuza mbiri ya Ayao akudalirabe buku limeneli. Lero ntchito yotere imangofuna kope ndi cholembera, kapena foni yojambula mawu. Mdzukulu afunse, gogo afotokoze: mayina a makolo, kumene banja linachokera, amene anapereka malo a munda ndi mboni zake. Zolembedwa zoterezi zimathandizanso pamene mkangano wa malo wafika kwa mfumu, eni ake odziwa atamwalira kale. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma dambolo limathandiza anthu akamapitako kukatunga.

Thupi lisatsalire, ndipo banja lithandize

Sudoku ndi foni zimachitika munthu atakhala pansi, choncho pazokha sizikwanira. OMS imalangiza anthu a zaka 65 kupita m'tsogolo kuti azigwiritsa ntchito thupi kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, ndiponso kuti masiku atatu pa sabata azichita zolimbitsa miyendo kuti asamagwe. Mphindi 30 pa tsiku, masiku asanu, zakwana kale. Kuyenda kupita kumsika, kuthirira dimba laling'ono la kabichi ndi anyezi, kusamalira nkhuku kapena akalulu, kuluka mphasa ndi madengu, kuimba kwaya, zonsezi zimalowa m'gululi malinga ndi mphamvu za munthu.

Nthawi zambiri wokalamba amasiya kuwerenga kapena kupita pagulu chifukwa maso achita khungu kapena makutu sakumva, iye n'kumachita manyazi kunena. Magalasi owerengera, opaleshoni ya ng'ala ndi kuyezetsa BP pafupipafupi zimabwezera munthu ku zinthu zimene ankakonda. Ngati gogo wayamba kufunsa funso limodzi kambirimbiri, kusochera kapena kulephera kuwerenga ndalama zimene kale sizinkamuvuta, banja lipite naye kuchipatala chapafupi, chifukwa zina mwa zoyambitsa kuiwala zili ndi mankhwala.

Ana ndi adzukulu ali ndi mbali yawo. Kumuuza gogo kuti angokhala, zonse achita ndi ana, kumaoneka ngati ulemu, koma kumamulanda chochita. Chothandiza ndi kumusiyira ntchito imene angathe, kumugulira kope ndi pensulo, kumuikira mayunitsi pang'ono, ndi kukhala naye pa thabwa la bawo ngakhale kamodzi pa sabata. Amene akuyembekeza reforma chaka chamawa, kapena mlimi amene waona kuti khasu layamba kulemera, ayambe lero kusankha zinthu zitatu: chimodzi cha mutu, chimodzi cha thupi, ndi chimodzi chimene chimamufikitsa pakati pa anthu.